Chipande Cholumidwa ndi Galu

Chipande chija ndikadali nacho, ndipo mano a galu akuonekabe. Amayi anachokera nacho kumudzi kuti aziomolera chakudya, koma chaka china cha chisankho tinkakankhira nacho timapepala ta kampeni m'tizibowo ta makalata pazitseko, poopa kulumidwa zala.

Tinkakhala m'kadera kena kunja kwa mzinda wa Wolverhampton, kudziko la azungu. Kunamveka kuti basi yopita kuchipatala ithetsedwa, ndipo amayi, pokhala namwino, ankadalira yomweyo. Ikanatha tikanasamuka, ine n'kusiya sukulu ndi anzanga onse. Ndinkalira mobisa. Aphunzitsi anga akale, mayi wachizungu wopuma pantchito, anaimira ukhansala pofuna kupulumutsa basiyo, kudzera m'kachipani kakang'ono, m'dera lomwe anthu ankavotera chipani chachikulu chosafuna zosintha kuyambira kalekale.

Amalume, eee, anatentheka! Atamva kuti Amalawi nawonso amaloledwa kuvota, anasonkhanitsa nsalu za mtundu wa kachipaniko, ng'oma ndi amayi a kutchalitchi, n'kukaimba mumsewu Loweruka lina. Palibe anatuluka, makatani okha ndi amene ankagwedezeka. Ine manyazi, ndinabisala kuseri kwa bini. Lero ndimati mtima anali nawo wabwino, kungoti ankayesa ali pa Ntcheu.

Aphunzitsi anawakhazika pansi. "Chipani chathu musachitchule, chawonso musachinyoze," anatero. "Gogodani, funsani za basi, kenako khalani chete."

Tinayenda khomo ndi khomo, mvula ikulowa m'nsapato, fungo la tchipisi ndi viniga lili ponseponse. Pawindo la nyumba ina panali chikwangwani cha chipani chachikulu chija, ndipo galu wa pamenepo ndi amene anaguguda chipande. Mwini nyumba, bambo wokalamba, anatsegula nkhope ili gwa. Amalume, amene kwa iwo kukhala chete n'chilango, anafunsa za basi n'kutseka pakamwa. Bamboyo anayankhula mpaka ine miyendo kuwawa. Nayenso ankakwera basi yomweyo pokazonda mkazi wake wogonekedwa m'chipatala.

Aphunzitsi anapambana mwapang'ono, basi inapulumuka, ndipo sitinasamuke. Tsiku lina pasiteji bamboyo ananong'oneza amayi kuti, "Ndinawavotera, koma musauze munthu."

Chikwangwani chija sanachichotse. Ndinkachiona popita kusukulu, chikuyezuka ndi dzuwa, n'kumapsa mtima kuti mkuluyu ndi wachiphamaso. Sindinkadziwa kuti amene anachimata pawindopo anali mkazi wake, ndiponso kuti kuchipatala kuja sanabwereko.