Mai Kachingwe Aphika Ndiwo za ku Baghdad

Mai Ivy Kachingwe anafika ku London m'chaka cha 1983, kutsatira amuna awo, a Felton, amene anathawa kwawo pa nkhani za ndale. Kwa zaka makumi atatu anaphikira ana pa sukulu ina ya pulayimale ku Ilford, ndipo mpaka lero akakwera basi pamapezeka munthu wandevu zake wowapatsa moni, nkuwakumbutsa za phala limene ankamuwonjezera. A Felton anamwalira, ana anakula nkusamuka, iwo anapuma pa ntchito. Masiku anayamba kuwatalikira m'kanyumba kawo ka lendi.

Loweruka lina kunabwera Laura, mwana wa mchimwene wawo Walter, atanyamula kabakuli. Laura anabadwira ku Croydon. Chichewa amachimva bwino, koma poyankha amasakaniza ndi Chingerezi. Ankaphunzira mbiri yakale ku yunivesite, ndipo ankafufuza zimene anthu ankadya ku Baghdad ndi ku Cairo zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo.

"Azakhali, talawani ichi," anatero.

Mai Kachingwe analawa, nkuika supuni pansi mwakachetechete. "Wakuphunzitsa ndani? Mabiringano akuwawa, nyama sinafewe, ndipo viniga wathira ngati ukutsuka sinki."

Laura anaseka mpaka misozi. Anatulutsa mapepala m'chikwama nkufotokoza kuti anatsatira buku la kaphikidwe lolembedwa pamanja m'Chiarabu, limene iye anamasulira. Vuto linali lakuti nthawi zambiri wolembayo sankatchula muyeso. Ankangoti thira mchere wokwanira, phika mpaka zipse.

"Ndiye walakwitsa chiyani munthuyo? Ameneyu anali wophika, ankalembera ophika anzake. Kodi ine ndingakuuze kuti mchere wokwanira ndi masupuni angati? Dzanja limadziwa. Tawerenga pang'onopang'ono ndimve."

Laura anawerenga, iwo akumvetsera maso ali chotseka. Nyama ya nkhosa, anyezi, mabiringano, viniga, zipatso zouma, sinamoni. Atafika kumapeto anatsegula maso.

"Wadumpha tomato."

"Mulibemo, azakhali. Nthawi imeneyo tomato anali asanafike kumeneko. Tsabola wowawa uja ndi chimanga, nazonso zinachokera ku America pambuyo pake."

Mai Kachingwe anagwira pakamwa. Ndiwo zopanda tomato anali asanaziganizirepo. Komabe tsiku lomwelo anapita kwa wogulitsa nyama wachisilamu wa pa msewu wawo, ndipo pobwera anaviika mabiringano m'madzi a mchere, nyama anaiphika pa moto wochepa, viniga anathira chakumapeto, akulawa. Laura atadya anatenga cholembera nkuyamba kufunsa mafunso.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali la buku lija. Chimene chinawasangalatsa kwambiri chinali msuzi wina wamchere umene akalewo ankaupanga posiya mtanda wa balere kuti uchite nkhungu kwa masabata angapo. Laura ankaopa kuti zingoola. Iwo anakumbuka momwe amai awo ankavundikira chimera cha thobwa ku Limbe, ndipo anaika mtandawo m'kabati yofunda ya pafupi ndi boila yotenthetsa madzi m'nyumba. Ankaununkhiza m'mawa uliwonse. Mtanda woyamba unaola ndipo anautaya okha osafunsa munthu, wachiwiri unatheka.

M'chilimwe Laura anawatenga pa sitima yapamtunda yotchedwa Elizabeth kupita ku laibulale yaikulu ya m'katikati mwa mzinda. Mai Kachingwe anavala suti yawo ya kutchalitchi. Kumeneko Laura anawaonetsa chithunzi chachikulu cha mapu a dziko lonse ojambulidwa ndi akatswiri achiarabu. Laura ankawagwiritsa ntchito pofuna kuona madoko amene zokometsera za m'buku lija zinkadutsa. Iwo anayang'ana, anapendeketsa mutu, nkunong'ona kuti aika chozondoka.

"Ayi, ankajambula choncho. Kummwera kunkakhala pamwamba."

"Ndiye kuti Africa ali pamwamba, England ali pansi apa?"

"Eya, kangodya kameneko."

Anaseka chogwira pamimba, mpaka woyang'anira chipindacho anadzutsa mutu, nayenso nkumwetulira. Laura analoza mawu ena a m'mphepete mwa nyanja yaikulu ndi kuwerenga: Sofala. Apo kuseka kunatha. Bambo awo a Mai Kachingwe ankagwira ntchito ku njanji, ndipo ankapita ku Beira nkubwerako ndi kokonati ndi nsomba zouma, akusimba za dziko la Sofala. Iwo ali mwana ankayesa kuti ndi dzina chabe la m'nkhani za bambo awo. Tsopano linali pamaso pawo, lolembedwa ndi munthu amene anamwalira kalekale.

"Anthu amenewa ankatidziwa," anatero.

Laura anayankha moona mtima kuti ankadziwa gombe, koma za kumtunda ankangomva kwa amalonda. Iwo anagwedeza mutu nkunena kuti zakwana, bola anafika pakhomo.

Chaka chotsatira Laura anakafotokoza za kafukufuku wake ku yunivesite, ndipo anapempha azakhali ake kuti aphike mitundu itatu ya ndiwo kuti anthu alawe. Mphunzitsi wina wa imvi, amene wawerenga mabuku amenewa moyo wake wonse, anawonjezera kawiri. Anawafunsa kuti anadziwa bwanji kuchuluka kwa viniga. Iwo anamuuza kuti abwere ku Ilford Loweruka ndi epuloni adzaone. Anabweradi, ndipo anamupatsa ntchito yosenda anyezi.

Pakali pano afika pa mtundu wa makumi awiri ndi umodzi, nkhuku yophika ndi mandimu osungidwa mumchere. Mai Nasreen, oyandikana nawo nyumba, akuwaphunzitsa zilembo za Chiarabu Lachitatu lililonse masana. Mai Kachingwe, amene akwanitsa zaka 71, amalemba m'kope la ana a sukulu kuchokera kumanja kupita kumanzere, lilime lili panja pang'ono. Sabata yatha anawerenga okha liwu lawo loyamba m'mapepala a Laura, ndipo anaimbira foni mchimwene wawo ku Croydon kumuuza kuti liwulo ndi mchere.