Ufa wa pa Kampu ya Mpira

Taganizani m'mawa wa mwezi wa Junyu ku Furancungo, m'chaka cha 1985. Chisanu chikuluma zala, nkhungu sinachoke m'mapiri. Pa kampu ya mpira pali bambo wamfupi wa miyendo yamatewe, khasu m'manja, akuwola ndowe za mbuzi ndi zina zonyansa kuposa ndowe, uku akulavula. Ameneyo ndi Pascoal.

Ntchito yake yeniyeni inali yosesa ndi kuliza chitsulo pa shikola, koma kampu ankaisamala ngati dimba lake, popanda womutuma. Mitengo ya mabaliza, ndiye kuti magolo, anadula yekha. Mpira ukang'ambika ankausoka ndi ulusi wa m'tayala. Mizere ankalemba ndi phulusa: kukakhala masewera ankayenda khomo ndi khomo ndi chidebe, amayi n'kumamuwolera la pamafuwa, iye n'kulisefa bwinobwino.

Zisangalalo zonse za chaka zinkadutsa pa kampu pake. Mu Feverero ana a shikola ankaguba. Pa tsiku la amayi mu Abrili, chintali chinkautsa fumbi mpaka ng'oma kusasa mawu. Loweruka lililonse aprofesori ophunzitsa pa shikola ndi a kuchipatala ankalimbana ndi timu ya asilikali, imene inkasewera itavala mabota ndipo sinkagonja kawirikawiri, poti woimbira mpira ankakondanso moyo wake.

Chaka chimenecho nkhondo inayandikira. Anthu a m'midzi ya ku Chidzolomondo anathawira kuno n'kumanga misasa ya udzu kuseri kwa baliza ya kum'mawa. Zimbudzi analibe, ndiye kampu inkadzuka yoipa. Pascoal sankawakalipira. Ana a m'misasamo, mimba zotupa, tsitsi lofiirira, ankakhala m'mbali mwa mzere kuonerera mpira, ndipo iye ankawadziwa mayina onse.

Pamene fesita ya ufulu wa dziko ya pa 25 Junyu inkayandikira, kunamveka kuti kukubwera mlendo wochokera ku Maputo, pa koluna ya magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Wotsogolera komiti ya fesitayo anali Vasco, amene anakhalako ku Maputo miyezi yochepa ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo.

"Kamarada Pascoal," anatero Vasco akukanda mzere ndi nsapato, "mizere yanu yotuwayi ikutichititsa manyazi. Ku Maputo mizere imayera mbee. Mlendo akaona phulusa adzati tikukhala kumanda."

"Kalu, laimu wopakira uja, tilibe, ashefi. Ngakhale makoma a shikola ayiwala mtundu wake."

"Ndani wanena za kalu? Nditsateni."

M'nyumba yosungira katundu munali matumba awiri a ufa wa chimanga, umene unabwera kuti ugawidwe kwa anthu a m'misasa.

"Limodzi tidzagawa pamaso pa mlendo," anatero Vasco. "Linalo mulembere kampu."

Pascoal anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Vasco sanaseke.

"Wokana ndiye kuti akusokoneza fesita. Chamboko mumachidziwa."

Pascoal anasenza thumba lija mpaka kwawo. Mkazi wake Leonor ataliona anaika manja m'chiuno.

"Bambo a Josefina, mwayamba kuba?"

"Ndikanaba bwenzi ndikuyenda mowongoka. Akuti ndikathire pansi."

Leonor anapisa dzanja m'thumba, nanunkhiza ufawo. Unali wabwino, wopanda fungo.

"Pansi? Ufa timathira pansi pokapereka nsembe kwa makolo, patsinde pa mtengo, titavula nsapato. Kodi mlendoyo ndi mzimu?"

"Mwina. Palibe amene anamuonapo."

"Musaseke. Ine amayi anandikwapula chifukwa cha ufa wa m'chikhato umene ndinataya pamtondo. Ndiye anyamata akaupondeponde ndi mabota, ana a Serafina akuyang'ana?"

Serafina anali mayi wa m'misasa amene ankaphikira ana amasiye a kumeneko, akapeza chophika. Masiku amenewo ankawiritsa masamba okhaokha.

M'mamawa wa tsiku la fesita Pascoal analemba kampu yonse ndi phulusa, monga mwa nthawi zonse. Kenako anatapa ufa wa m'mbale imodzi n'kuwaza pamwamba pa mzere umodzi wokha, woyang'anizana ndi chisakasa cha alendo. Wotsalawo Leonor anaupititsa kwa Serafina m'dengu, atavundikira ndi kachewere pamwamba.

Ngakhale ufa wochepawo unamuwawa mtima. Nkhuku zinafika poyamba, iye n'kuzipirikitsa. Atatembenuka anapeza kamtsikana ka m'misasa, dzina lake Gertrudes, katagwada pa mzere, kakunyowetsa chala ndi malovu, kudinda pansi, kenako kunyambita, ufa ndi phulusa ndi dothi limene mbuzi zinakodzerapo dzulo lake. Pascoal anakanyamula n'kukapukuta pakamwa ndi malaya ake.

"Iwe, thamangira kwa amayi Serafina. Lero kuli phala."

Anthu anaima padzuwa kuyambira m'mawa. Ana a shikola anaimba nyimbo zolandirira mlendo mpaka ena kukomoka. Amayi anavina chintali kawiri, pamaso pa mipando yopanda anthu. Dzuwa litapendeka kunabwera uthenga woti koluna yabwerera panjira.

Vasco, atakwiya, anadutsa pakati pa kampu, ndipo maso ake anagwera pansi. Anapala mzere ndi nsapato. Phulusa. Anapita ku baliza, napalanso. Phulusa.

"Ufa wanga uli kuti, kamarada?"

Kuseri kwa baliza utsi unkafuka, ana atazungulira mphika wa Serafina, aliyense kachigoba kake m'manja. Pascoal sanayang'aneko.

"Uli m'mimba mwa eni ake, ashefi."

Vasco analamula kuti Pascoal akwapulidwe, ndipo anamukwapulira kuseri kwa chisakasa cha alendo, pomwe anakonzera mlendo madzi osamba m'manja. Mpira unaseweredwabe madzulo amenewo. Asilikali anapambana monga mwa masiku onse, ndipo Pascoal anaonerera ataimirira, poti kukhala pansi sakanatha.

Thumba lachiwiri silinagawidwe. Vasco anati lidikire mlendo, amene adzabwera pa fesita ya mu Setemburu. Mu Setemburu mlendo sanabwerenso. Mvula yoyamba inadontha padenga la nyumba yosungira katundu, ndipo pamene ankatsegula thumbalo ufa unali utaumbana zibuma zobiriwira, mphutsi zikuyendayenda. Pascoal yemweyo ndi amene anatumidwa kukautaya. Nkhumba za kumsika zinaununkhiza n'kuusiya.

Pascoal anapitiriza kuwola ndowe ndi kusefa phulusa mpaka chaka chinatha, ndipo palibe mpira kapena gule amene analephereka chifukwa cha kampu. Pa matumba awiri aja, lomwe linadyedwa ndi ana a m'misasa ndi limene anasenza Pascoal.