Kusambitsa Manda a Eni

Amayi anga anamwalira ine ndili kuno ku Perth, mapepala ondilola kukhala m'dziko muno asanatuluke. Ndikanapita, sindikanabwereranso. Maliro ndinaonera pafoni, netiweki ikudukaduka, ndipo manda awo sindinawaonepo ndi maso. Nkhani imeneyi ndinkaizemba ngati munthu wozemba galu wolusa.

Ndiye tsiku lina mayi ena achikulire a Chijapani, amene ndinkagwira nawo ntchito musitolo ku Cannington, anandipempha kuti ndiwayendetsere galimoto. Akuti akukayendera akufa. Mumtima ndinati awa mutu wayamba kuzungulira, kwathu kumanda sapitako popanda maliro. Koma maso awo anali atayamba kuvuta, ndiye ndinalola.

Tinayenda masiku awiri kulowera kumpoto mpaka ku Cossack, tauni imene anthu anaisiya kalekale. Dothi lofiira, ntchentche, mphepo yamchere. Kuseri kuli manda ochepa a Ajapani amene ankamira m'nyanja kusaka ngale. Ine ndinaima patali, manja kumbuyo.

"Bwera undigwirire chidebe," anatero mayi aja.

"Ndi abale anu?"

"Ayi. Sindikudziwapo ngakhale mmodzi. Kungoti alibe wowayendera."

Ndinasendera. Anandionetsa kuzula udzu, kuthira madzi pamutu pa mwala ndi chikho chamtengo, kenako kupukuta ndi kansalu. Ine, mwana woleredwa ndi ntchito, ndinayamba kukwecha ndi mphamvu zonse.

"Si poto ameneyo," anandigwira dzanja. "Ukusambitsa munthu."

Tinayatsa lubani, iwo n'kuwerama. Akudzuka anandifunsa, osandiyang'ana n'komwe: "Nanga amayi ako amawasambitsa ndani?"

Ndinapsa mtima, sindinama. Ndinafuna kuwauza kuti za kwathu sakuzidziwa, ife tili ndi mwambo wathu. Koma mwambo uti? Chiliza ndinali ndisanamange, chaka ndi chaka ndimangoti chaka chamawa. Manyazi anandigwira.

Pobwerera, titafika pamene foni imagwira, ndinaima m'mbali mwa msewu n'kuimbira achimwene anga kumudzi. Ndinati akapemphe chilolezo kwa amfumu, akalambule pamanda a amayi, ine ndikubwera tidzamange chiliza.



"Achemwali," anatero, "mtanda tinazika pamanda uja chiswe chinadya, ndipo mvula yasalaza mitumbira. Ilipo itatu moyandikana. Sitikudziwa kuti wa amayi ndi uti."