Choyera Amasiya

Utoto ndinauyamba pa Chiwanga, m'mbali mwa nyanja, masiku amene Kampani ya azungu inkalamulira kwathu, ndili mtsikana wosamva. Aphunzitsi athu a pamishoni anali ndi kabokosi ka utoto wamadzi komwe anachokera nako ku Likoma, ndipo ankakasunga kuposa mkazi wawo. Burashi inali yaubweya wa mbuzi, womangidwa ku kabango. Madzi tinkatungira m'chigoba cha nkhono.

Anandiyambitsa ndi tchalitchi chathu cha njereza. Ndinajambula denga la udzu, mtengo wa mango, phiri lopita ku Maniamba kumbuyo kwake. Nditafika pakhoma ndinafunafuna m'kabokosi muja, utoto woyera osaupeza.

"Aphunzitsi, woyera watha."

"Sunathe, kulibe," anatero akuseka. "Choyera sapaka, mwanawe. Amasiya."

Zinandikwiyitsa. Ntchito yanji yoti munthu akutame chifukwa cha pomwe sunagwire? Dzanja langa linkayabwa, ndipo makoma angapo ndinawadetsa. Koma pang'onopang'ono ndinaphunzira kuzungulira: mthunzi wa khonde uku, masamba uko, khoma n'kutuluka lokha papepala. Masiku amenewo ndimawasowa mpaka lero.

Nkhondo ya Ajeremani itabwera, asipayi, apolisi a Kampani, anatenga amuna a m'mudzi kuti akasenze katundu. Atate anawapeza akusoka ukonde pakhomo, atavala malaya awo oyera a kutchalitchi poti kunali Lamulungu. Ena anabwerako ataonda, koma atate sanabwere. Amayi anakana kulira maliro. Ankati munthu salira wamoyo.

Chilimwe chotsatira ndinapempha pepala kuti ndijambule nyumba yathu. Ndinaika zonse: thandala loyanikapo usipa, bwato lovundikira, ukonde pamtanda. Nkhope za anthu sindinkazitha, nanga aphunzitsi ankangodziwa nyumba ndi mapiri. Ndiye pakhomo, pamene atate ankakhala, ndinangozungulira monga anandiphunzitsira. Ndinkati ndi malaya awo.

Ndinathamanga nacho chithunzicho kwa amayi ndikuyembekeza kutamidwa. Anapukuta manja, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analoza poyera paja.

"Apa bwanji sunapake?"

"Sapaka, amayi. Amasiya."

"Amasiye," anatero amayi motsitsa mawu.

Ndinafuna kuwakonza, koma nditaona nkhope yawo ndinadziwa kuti anamva bwinobwino. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, pepala lili pamiyendo, n'kuyamba kulira mokweza mpaka anthu oyandikana nafe anabwera. Maliro a atate anayamba tsiku limenelo.