Nsapato Zosongoka za a Polishi

Zaka makumi awiri a Polishi akuperekera zakudya m'hotela, palibe anawaonapo atavala nsapato yopanda nsonga. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo, poti ankapukuta nsapato asanasambe n'kumaso komwe. Ankagula dala zothina, ati phazi lalikulu ndi la anthu olima. Bambo wamkulu ndithu, wa ana anayi!

Mapazi anatopa nazo. Chala chachikulu chinakhotera kwa zinzake, m'mbali mwake munatuluka chifupa chofiira, chachiwiri chinapindika ngati mbedza. Anayamba kutsimphina, supu n'kumatayikira pa thireyi. Manijala anawauza kuti kutsimphinako kukapanda kutha pofika kumapeto kwa mwezi, akatsuka mbale kuseri, kosaoneka alendo. Kwa a Polishi kuseriko kunali ngati kumanda.

Akazi awo anawakokera kwa dokotala wa mafupa. Iye anati opaleshoni n'njosafunika. Aziika kamphira pakati pa zala, azitola timiyala ndi zala za kuphazi, azikoka nazo thaulo pansi, azizitambasula m'mawa ndi madzulo. Koma chachikulu, azivala nsapato zotakata kutsogolo.

Timiyala ankatoladi, atakhoma chitseko kuti ana asawaone. Nsapato zotakatazo akazi awo anagula, iwo anaziyang'ana kamodzi n'kuzikankhira kunsi kwa bedi. Anayesa kulowetsa phazi lili ndi kamphira kaja m'nsapato yosongoka, linakana, ndiye anataya kamphirako. Mwaziona nzeru zawo? Madzulo kuwongola zala, kukacha kukazipanikizanso maola khumi.

Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, atanyamula mbale zisanu, phazi linawakanira pakati pa matebulo. Mbale zonse phwaa, msuzi pa diresi la mlendo. M'mawa mwake manijala anawapatsa epuloni ndi jombo zazikulu zamphira, monga otsuka mbale onse. Malo awo analembapo munthu wina.

Patapita milungu itatu ululu unazilala, poti zala zinapeza popumira. Chala chija sichinawongoke, koma ankaima pa sinki tsiku lonse osamva kanthu, ndipo zimenezo zinawawawa mtima kuposa chifupacho. Akazi awo anawaona akukwera masitepe a pakhomo msangamsanga.

"Bambo, phazi lili bwanji masiku ano?"

"Likupwetekabe. Jombo zija zikungowonjezera."

Anatero akulowa m'nyumba osatsimphina ngakhale pang'ono, ndipo mayiwo sanawafunsenso.