Mabuku a malemu amuna anga akukulungira kapenta kumsika

Mabuku a amuna anga ndawapeza kumsika, akukulungira kapenta. Mwawerenga bwino. Kapenta.

Ndakhala masiku awiri ndikulemba n'kufufuta. Lero ndilemba basi. Kampani yotumiza katundu imene yandichita izi sindiitchula dzina. Eni ake akudzidziwa, ndipo awerenga.

Kwa amene simundidziwa, ndine telala. Ndimasoka mayunifomu ndi zitenje muno m'Chipata, kwathu ndi ku Madzimoyo. Amuna anga, a Sakala, anaphunzitsa fizikisi kusekondale zaka zambiri. Imvi zitayamba kale, anapeza mwayi wokachita digiri ya udokotala ku Joni, m'sayansi ya zakuthambo. Ankafufuza za mpweya umene umapezeka pakati pa milalang'amba, magulu akuluakulu a nyenyezi aja. Musandifunse zambiri, ine sukulu ndinalekezera Giredi 9. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu uja ankatha kuiwala kudya chifukwa cha zimenezi. Kunatsala chaka chimodzi kuti amalize. Anagwa m'laibulale masana, mtima unaima. Thupi tinalilandira, tinakaika ku Madzimoyo. Mabuku awo anatsala ku Joni.

Mabukuwo si oti mungawapeze m'sitolo muno, ngakhale ku Lusaka. Ndi a anthu ofufuza, okhuthala ngati njerwa, masamu okhaokha tsamba ndi tsamba. Ena anagula podzimana, ena anapatsidwa ndi aphunzitsi awo. Koma chimene chikundiliza si kusowa kwake m'masitolo. A Sakala ankalembamo. M'mphepete mwa masamba, ndi bolopeni ya buluu, ankakangana ndi olemba mabukuwo m'Chinyanja. "Apa wanama mkulu." "Tabwereza, sindinamve." Mwana wathu Naomi ali m'chaka chomaliza cha fizikisi kuyunivesite ku Lusaka. Atawauza atate ake kuti nayenso akufuna kudzachita digiri ya masitazi ya zakuthambo, anayamba kumulembera iye m'mabukumo. A Sakala akabwera pa holide ankandionetsa uku akuseka: "Naomi, yambira mutu uno." "Naomi, apa usachite mantha, nanenso panandivuta."

Mnzawo amene ankaphunzira naye, a Mwanza, anasonkhanitsa zonse: mabuku 16 ndi makope atatu olemba pamanja. Anabwera nazo yekha mpaka ku Lusaka. Naomi anandipempha kuti akazitenge komweko. Ine ndinakana. Ndinati kuhositelo malo ndi ochepa, zinthu zimasowa, katoniyo ibwere kunyumba, tidzaitsegulire limodzi m'chipinda cha atate ake. Ndine ndinakakamira. Zimenezi sindidzaziiwala.

A Mwanza anaitumiza Lolemba. Katoni imodzi, makilogalamu 23, yomata bwinobwino, dzina langa ndi nambala ya foni pamwamba. Ananditumizira chithunzi cha lisiti. Anauzidwa kuti Lachitatu ifika.

Lachitatu, 09:10, ndinali pa ofesi yawo. Mtsikana wa pakauntala sanadzutse n'komwe mutu pafoni yake. Akuti sinafike, adzanditumira foni. Palibe anatuma.

Lachisanu, 14:30. Akuti netiweki yagwa, sangaone kalikonse. Ndinafunsa ngati maso awonso agwa, kuti wina angopita kumbuyo akayang'ane katoni yolembedwa dzina langa. Akuti sizichitika choncho, madamu.

Sabata yotsatira, Lachiwiri. Akuti katoni inapitirira ku Lundazi mwangozi, ibwera ndi galimoto ya Loweruka. Loweruka ndinapita. Mtsikana yemweyo anandifunsa kuti za Lundazi anandiuza ndani. Ndinati inuyo. Anaseka, akuti mwina ndinamva molakwika.

Kasanu ndi kawiri ndinatseka shopu, kusiya mayunifomu a ana a eni pamakina, kukwera njinga kupita kumeneko. Ulendo uliwonse bodza latsopano. Kodi mabodzawa mumachita kuphunzitsidwa polowa ntchito?

Lolemba lapitali, 10:20, ndiye anandimaliza. Akuti m'kompyuta mulibe katundu wa dzina limenelo. Ndinamuonetsa lisiti. Anaiyang'ana pang'ono n'kunena kuti kapena otumizawo anandinamiza. Munthu amene ananyamula makilogalamu 23 kuchokera ku Joni chifukwa chokonda mnzake, lero akhale wabodza?

Ndinatuluka, ndinakhala pamasitepe, misozi inangoyamba yokha. Mlonda wawo, bambo wachikulire, anabwera n'kuima pafupi ngati akuyang'ana kumsewu.

"Amai, katoni yanuyo inali ya mabuku?"

"Inde, atate."

"Akuluakulu, a zithunzi za nyenyezi?"

Ndinavomera. Anandiuza motsitsa mawu. Katoniyo inafika Lachitatu loyamba lija m'mamawa. M'chipinda chosungira katundu munali mutadzaza matumba, ndiye anaitsitsira pakhonde la kumbuyo. Tamvani bwino: pamene ndinkauzidwa kuti sinafike, inali kuseri kwa khoma, mapazi makumi awiri kuchokera pamene ndinaima. Masana ake kunagwa chimvula chija. Chinagwanso mawa lake. Palibe anaiphimba. Dzina linasungunuka, katoni inaphulika pansi. Patapita masiku antchito anauzidwa kuti achotse zinyalala pakhondepo, ndipo wosunga katundu anapereka mabukuwo kwa amai ena a kumsika amene amabwera kudzafuna mapepala.

"Ine ndinalankhula, amai, kuti awa ndi mabuku a munthu," anatero mlondayo. "Koma mlonda amamumvera ndani?"

Sindikukumbukira mmene ndinafikira kumsika. Ndinayenda mzere wa kapenta ndi mtedza, kuyang'ana m'manja mwa ogulitsa osati pankhope. Pa benchi yachinayi ndinaona mai wina akung'amba tsamba, kulipinda, kuthiramo kapenta. M'mphepete mwa tsambalo munali buluu uja. Zilembo za amuna anga ndingazidziwe ngakhale patali. Anandilembera nazo makalata tisanakwatirane.

Ndinamugwira dzanja. Sindinapereke n'komwe moni.

"Amai, n'chiyani? Ndakulakwirani chiyani?"

"Mapepalawa ndi a amuna anga. Anamwalira."

Anandiyang'ana, anayang'ana tsambalo, kenaka anakhuthulira kapenta uja m'beseni n'kuyamba kulipukuta pachitenje chake.

"Mayo ine! Mnzanga, ndikhululukireni. Anatiuza kuti ndi zotaya. Ine kuwerenga Chizungu sinditha, ndinangoona kuti pepala lake ndi lolimba."

Mai ameneyu sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono. Anasiya benchi yake, makasitomala ali chiimire, n'kuyamba kuyenda nane mzere wonse. "Amene munatenga mabuku aja, bweretsani! Mwini wake wabwera, ndi wamasiye!" Azimai anayamba kutulutsa pansi pa mabenchi. Wina buku lopanda chikuto. Wina theka. Wina anabweretsa masamba ochepa amene anali atang'amba kale, n'kuwapereka atagwada. Wina anandiuza kuti mwana wake anatenga tsamba lokhala ndi chithunzi cha nyenyezi zambirimbiri n'kukamata pakhoma kunyumba, mawa abweretsa. Ndinamuuza kuti limenelo alisiye pakhomapo.

Anthu osadziwa chimene chinalembedwamo anachita ulemu wotere. Nanga inu a mayunifomu ndi makompyuta?

Pa mabuku 16 ndinapeza asanu ndi awiri. Athunthu ndi awiri chabe, nawonso otupa ndi madzi. Makope atatu aja, palibe ngakhale limodzi.

Ndinabwerera ku ofesi 15:40, mabuku ali m'thumba la saka. Ndinati ndikufuna a manijala. Anandidikiritsa mphindi 50. Atatuluka ndinakhuthula thumbalo patebulo lawo. Fungo la kapenta linadzaza ofesi yonse. Mukudziwa chimene anayamba kunena? Akuti ndichotse, ndikudetsa tebulo.

Kenaka mafunso. Akuti kodi otumiza analipira inshuwalansi? Akuti pafomu analemba kuti "mabuku akale", ndiye kampani singadziwe kuti ndi ofunika. Akuti mvula ndi ya Mulungu. Akuti palibe umboni woti mabuku a kumsikawo anachokera kwa iwo. Ndinatsegula limodzi, ndinawaonetsa dzina la a Sakala patsamba loyamba, dzina lomwelo lili pa lisiti yawo. Anangokweza mapewa.

Ndiye ananena mawu amene akundipwetekabe mpaka pano.

"Madamu, ndi mabuku chabe. Masiku ano zonse zili pa intaneti. Mwana wanuyo akakopere."

Akakopere. Bwana, ndiuzeni, ndi pa intaneti iti pamene mwana wanga akapeze atate ake akumuuza kuti "apa usachite mantha"? Ndipatseni adiresi yake, ndipita wapansi.

Sanapepese. Ngakhale mawu amodzi. Anandipatsa fomu yodandaulira, akuti yankho lichokera ku Lusaka, sakudziwa liti.

Chovuta kuposa zonse chinali kutumira foni Naomi. Ndinayesa katatu, ndikudula isanalire. Kachinayi anayankha.

"Amai, yafika?"

Mawu ake anali osangalala. Ndinamuuza zonse, kuyambira pakhonde mpaka kumsika. Kenaka anafunsa:

"Kope lobiriwira lilipo?"

"Palibe, mwanangu."

"Anandiuza kuti m'menemo alembamo pamene analekezera. Anati ine ndidzapitirizire pamenepo."

Ndinamuuza kuti andikhululukire, ndine ndinakana kuti akazitenge ku Lusaka. Anati, "Ayi amai, inu munafuna kuti abwere kunyumba." Atatero ndi pamene analira. Mwana ameneyu pamaliro sanalire choncho, ankandilimbitsa ine.

Chiyambire Lachiwiri sindinasoke chilichonse. Patebulo lodulira nsalu ndayalapo masamba. Ndikuwasita limodzilimodzi ndi simbi yofunda pang'ono, nditaphimba ndi kansalu, kuti aume asachite nkhungu. Masamu ake sindiwamva, koma manambala a masamba ndimatha kuwerenga. Ndikuwasanja. Pachoka 211 pabwera 240. Pachoka 96 pabwera 133. Pakati ponsepo pali m'nyumba za anthu, m'mabini, m'mbaula. Dzulo ndinapeza tsamba lina lili ndi mzere wautali wa masamu, pansi pake analemba kuti, "Kutumira foni amake Naomi, wakwiya." Sindikukumbukira n'komwe chimene ndinakwiyira.

Tsopano kwa inu a kampani. Ndani analamula kuti katoni ya munthu ikhale pamvula? Ndani anaona dzina lasungunuka, osatsegula buku limodzi kuti aone mwini wake? Lisiti yanu ili ndi nambala yanga, chinakuvutani n'chiyani kutuma foni? Bodza la Lundazi analipeka ndani, ndipo pamene ankalinena ankadziwa kale kuti mabukuwo apita kumsika? Ndikufuna mayankho olembedwa, osati "bwerani mawa". Ndipo mlonda uja musamukhudze. Mukamuchotsa ntchito chifukwa chonena zoona, dzina lanu ndidzalilemba pano ndi zilembo zazikulu.

Inu ophunzira ndi aphunzitsi amene mumatumiza mabuku, musachite zimene ndinachita ine. Kulungani m'pulasitiki, lembani dzina mkati ndi kunja. Ngati ndi chinthu choti simungachipezenso, chinyamuleni pamiyendo panu m'basi.

Chomaliza ndi pempho, ndipo ndikupempha nditagwada. Ngati masabata awiri apitawa munagula kapenta, mtedza kapena zitumbuwa kumsika muno m'Chipata, tayang'anani pepala limene anakukulungirani. Ngati lili ndi masamu achilendo, zithunzi za nyenyezi, kapena zolemba za buluu m'mphepete, chonde musayatsire mbaula. Ngati munaona kope lachikuto chobiriwira, lolembedwa pamanja, ndilembereni pano pomwe, ndibwera ndekha kulikonse kumene muli, kaya ndi ku Mtenguleni kaya ku Tamanda. Funsaninso ana, mwina anapangira ndege zoseweretsa.

Naomi akubwera Loweruka. Ndikufuna adzapeze chomugwiritsa m'manja. Ngakhale tsamba limodzi, ngakhale long'ambika, ngakhale lili ndi mafuta, ndidzalilandira ndi manja awiri.