Sindinagwade pa Kapinga wa ku Benoni

Chaka chimene matalala anaboola denga la abwana anga ku Benoni, ine ndinali wosamalira maluwa pakhomopo. Ndinkagona kukomboni ya Ramaphosa, m'chisakasa cha malata, ndipo mapepala okhalira mu Joni ndinalibe. Abwanawo ankadziwa.

Madzi analowa m'chipinda cha mabuku. M'mawa mwake anandiitana, nkhope itagwa, kuti ndikawayanike pakhonde. Anali mabuku akalekale, olemera ngati njerwa, zikuto zake zachikopa, akununkha nkhungu. Anati ndisambe m'manja, ndizitsegula tsamba limodzilimodzi.

Chingerezi chinkandivuta kuwerenga, koma zithunzi zinandikoka. Munali amuna ometa pakati pamutu, ovala mikanjo yaitali ngati mashehe a kwathu ku Machinga, ena akudyetsa odwala. Munalinso asilikali a pa akavalo, chitsulo mpaka kumaso, mtanda waukulu pachifuwa. Abwana anati amenewo anali magulu a chipembedzo, analumbira kuti sadzakwatira, ntchito yawo kumenyera Yerusalemu. Ndinkachedwa dala pa tsamba lililonse.

Kenako ndinafika pa chithunzi china. Msilikali wa mtanda ataima chilili, lupanga m'manja, patsogolo pake patagwada munthu wandevu, nduwira kumutu, chingwe m'khosi.

"Abale ako amenewa," anatero abwana akuseka, podziwa kuti ndine Msilamu. Ine ndinangotsegula tsamba lina.

Loweruka lina anzawo anabwera kudzawotcha nyama. Anali ndi kagulu kawo kovala mikanjo yoyera ya mitanda, kutengera m'mabuku omwewa. Abwana anandiitana ndili mkati mothirira. M'manja anali ndi thaulo, chingwe cha makatani, ndi buku lija atalitsegula pa tsamba lomwe lija. Mnzawo wina anali atakonzeka kale ndi kamera.

"Manga thauloli kumutu, ugwade apa. Chithunzi chimodzi basi."

"Ayi, bwana."

"Ndi masewera chabe!"

"Ine ndimagwadira Mulungu yekha. Pezani wina wosewera naye."

Anthu anasiya kutafuna. Abwana anafiira, n'kuyamba kundikalipira m'Chifanakalo, chiyankhulo chimene kale ankalamulira nacho anthu kumigodi. Anati akangoimba foni, apolisi andiponya m'galimoto ulendo wa ku Malawi.

Ine ndinati, "Imbani. Kwathu amayi akandilandira. Koma pa kapinga uyu, amene ndinadzala ndi manja anga, sindigwada."

Ndinakatseka mpopi, n'kupinda paipi bwinobwino. Ndinavula ovolosi yawo ndi kuipachika pageti. Adona, akazi awo, anandithamangira mpaka kumsewu.

"Ungopepesa, mawa aiwala zonsezi," anandinong'oneza.

"Wofunika kupepesa mwamusiya kumbuyoko, mayi," ndinatero, n'kumapita.

Apolisi sanabwere, koma ntchito inathera pomwepo. Miyezi yotsatira inandiwawa. Masiku ena ndinkangomwa tiyi wopanda shuga n'kugona. Pamapeto pake bambo wina wa ku Mangochi, amene tinkaswali limodzi, anandipatsa kamalo pambali pa tebulo lake la tomato ku Daveyton, pafupi ndi pokwerera matakisi. Pamenepo ndinaphunzira kusoka nsapato, ndipo ndi ntchito imene inandisunga mpaka ndinabwerera kumudzi.

Anyamata anzanga ena ankandiseka kuti ndinadziputira njala pa nkhani yachabechabe, kujambulitsa kokha. Ndinkawayankha kuti ntchitoyo ikadalipo, amene akuifuna anene, ndimulondolere nyumbayo. Palibe anafunsapo njira.